Akufuna kumutenga madzi a mumsana, agogo ake akukana

Lachiwiri usiku

Nambewe: Abale anga, pepani ndakudzutsani. Mwana wathu, wa mng'ono wanga uja, wa zaka 4, tamugoneka kuchipatala chachikulu madzulo ano. Anayamba kutentha thupi Loweruka, kuchipatala chaching'ono anamubaya chala n'kunena kuti ndi malungo, anatipatsa LA. Wamwa mpaka kumaliza koma osasintha. Lero wakomoka kawiri, khosi lauma gwa, akaona kuwala akulira. Adokotala akuti akuganizira matenda oumitsa khosi, ndiye akufuna kumutenga madzi a mumsana. Amayi athu akanitsitsa, akuti wotengedwa madzi amenewa sabwerako. Bambo a mwana foni yawo sikugwira. Amene mukuzidziwa zimenezi, tithandizeni maganizo.

Mayi a Chisomo: Ambuye akhudze mwanayo. Tikupemphera nanu achemwali.

Malume ku Joni: Nambewe, mverani amayi anu. Achimwene anga mu 2009 analowa m'chipatala akuyenda okha, akungodandaula mutu. Anawatenga madziwo Lachinayi, Lamlungu tinali kumanda. Ine za madzi a mumsana musandiuze.

Sisita Nyirenda: Achemwali a Nambewe, tisanapite patali, jakisoni amubaya kale? Funsani anamwino ngati wayamba kulandira ceftriaxone, jakisoni wopha mabakiteriya. Zotenga madzi mungakambirane, koma mankhwala asadikire kuti banja ligwirizane kaye.

Nambewe: Amubaya titangofika, kudzera pa kanyula wa pamkono. Akuti amupatsanso jakisoni wa malungo.

Sisita Nyirenda: Achita bwino kwambiri. Tsopano za madziwo, ine ndikanakhala kholo ndikanalola usiku womwe uno. Amalume, pepani za achimwene anu, sindikupeputsa maliro anu ayi. Koma nanenso ndagwirira odwala ambiri potengedwa madzi, kumudziko komanso kuno ku Leeds. Kuno palibe amene amaopa, chifukwa anthu amabwera matenda asanakule, amatengedwa madzi n'kuchira. Kwathu munthu amafika atadwala sabata yathunthu, atazungulira kugolosale ndi kwa asing'anga. Chomaliza chimene abale amaona ndi singano ya pamsana, ndiye mlandu umagwera singanoyo.

Malume ku Joni: Zimenezo ndi zonena za achipatala nthawi zonse. Mwachedwa, mwachedwa.

Wophunzira Udokotala: Amalume, ndiyankhepo ngakhale ndine mwana. Kuchipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre kunachitika kafukufuku wamkulu pa matenda amenewa. Wa akuluakulu, amene anatuluka mu 2007, anaonetsa kuti odwala opitirira theka ankamwalira ngakhale alandire mankhwala. Wa ana, amene anatsogolera Pulofesa Elizabeth Molyneux ndipo anatuluka mu 2002, pafupifupi mwana mmodzi mwa atatu ankamwalira. Nthendayi payokha ndi yolusa choncho. Koma ndisakunamizeni, ilipo nthawi imene kutenga madzi n'koopsa: mwana akakomokeratu osamva ngakhale kutsinidwa, mboni za m'maso zikasiyana kukula, mbali imodzi ya thupi ikafooka, akamapuma movutikira kwambiri, kapena magazi ake akakhala osagwirana msanga. Zikatero dokotala amaimitsa kaye n'kupitiriza mankhwala okha. Ndiye achemwali afunse kuti, mwamuona kuti ali bwino kuti atengedwe? Akati eya, aloleni.

Agogo a Mphatso: Nanga madziwo akachotsedwa msana suuma? Ife timamva kuti mwana amalumala, kapena sadzabereka.

Phiri wa Labu: Agogo, mwafunsa funso limene amayi a Nambewe ali nalo mumtima. Madzi amenewa amazungulira ubongo ndi mtsempha waukulu wa mumsana, ndipo thupi limawapanga usana ndi usiku. Munthu wamkulu amakhala nawo pafupifupi mamililita 150, koma pa tsiku amapanga pafupifupi 500, akale akumwerera m'magazi, atsopano akubwera. Kwa mwana amatenga madontho osadzaza ngakhale kasupuni ka tiyi. Asanadye chakudya chotsatira, thupi labweza kale. Singano imalowa m'munsi cha m'chiuno, pamene mtsempha waukulu uja unathera kale chapamwamba. Ndi kubereka palibe mgwirizano uliwonse. Azimayi a opaleshoni yobereka aja amabayidwa malo omwewo, ndipo amabwereranso kudzachira kachiwiri, kachitatu.

Mayi a Chisomo: Zoona, ine ana anga awiri ndi a opaleshoni, anandibaya pamsana pomwepo. Sindinaganizepo kuti ndi malo amodzi.

Nambewe: Achimwene a Phiri, amayi akufunsa kuti poti mankhwala ayamba kale, madziwo ndi a chiyaninso? Komanso malungo anapezeka, bwanji osangochiza malungowo?

Phiri wa Labu: Za malungo ayankhe mnyamata wathu wa ku koleji, ine ndinene za kwathu ku labu. Kabotolo kakafika, choyamba ndimakakweza pa kuwala. Madzi a munthu wabwino amakhala oyera mbee ngati a m'botolo ogula. A mwana amene mabakiteriya alowa mu ubongo nthawi zambiri amakhala mbuu ngati madzi otsukira mpunga, ena amachita kuoneka mafinya enieni. Apo ndisanayatse n'komwe makina ndimaimba kale foni ku wodi. Koma maso amanama, madzi oyera akhoza kukhala ndi matenda, makamaka nthenda ikangoyamba kumene kapena mwa khanda.

Kenako ndimadontheza pa kagalasi ka mizere n'kuwerenga maselo oyera, asilikali a m'thupi aja, pa maikulosikopu. Mwa munthu wabwino sapitirira 5 pa maikulolita imodzi. Mabakiteriya akalowa amafika mahandiredi, kawirikawiri kupitirira 1,000. Ndimaonanso mtundu wa asilikaliwo. Akachuluka otchedwa neutrophil, timaganiza mabakiteriya. Akachuluka otchedwa lymphocyte, maganizo amapita ku mavairasi, TB kapena fangasi. Si lamulo losaphwanyika koma limatilozera njira.

Chachitatu ndi shuga ndi mapuloteni. Shuga wa m'madziwa amayenera kukhala pafupifupi 60 pa 100 ya shuga wa m'magazi. Akatsika kufika pansi pa 40 pa 100, ndiye kuti muli alendo akudya. N'chifukwa chake timapempha kuti mwana abayidwe chala kuyeza shuga nthawi yomweyo imene akutengedwa madzi, apo ayi nambala yathu ilibe poiyerekeza. Mapuloteni amakhala osapitirira magalamu 0.45 pa lita, koma pa nthendayi amakwera kupyola galamu imodzi.

Zonsezi zimatheka pa ola limodzi ngati zipangizo zilipo. Ndipumire kaye, ndibwera ndi za Gram.

Wophunzira Udokotala: Za malungo achemwali. Kuno kwathu ana ambiri amayenda ndi tizilombo ta malungo m'magazi koma akusewera bwinobwino. Komanso kachipangizo kobaya chala kaja kamatha kuonetsabe mizere iwiri kwa masabata angapo munthu atachira. Ndiye mizere iwiri sikutanthauza kuti chimene chikumukomola mwana ndi malungo. Malungo a mu ubongo ndi matenda oumitsa khosi amafanana ngati mapasa: kutentha thupi, kukomoka, kusazindikira. Gulu la Dr Terrie Taylor ndi Pulofesa Malcolm Molyneux ku Blantyre litapima matupi a ana amene ankaganiziridwa kuti afa ndi malungo a mu ubongo, linapeza kuti pafupifupi mmodzi mwa anayi anafa ndi zina. Chosiyanitsa chachikulu ndi madzi a mumsana omwewa. Pa malungo amakhala oyera, maselo ochepa.

Phiri wa Labu: Ndabwera. Gram stain ndiye mtima wa ntchito yathu. Timazunguza madziwo m'makina kuti zolemera zikhale pansi, timapaka pa kagalasi, kuumitsa, n'kuthira utoto wa pepo, kenako ayodini, kenako timatsuka ndi mankhwala osungunula utoto, pomaliza utoto wofiira. Mabakiteriya a khungu lochindikala amagwira pepo uja osamutaya, a khungu lopyapyala amasuluka n'kutenga wofiira. Ndikayang'ana, ndikaona timipira ta pepo tiwiritiwiri tosongoka kunsonga, ameneyo ndi pneumococcus, yemwe uja wa chibayo, ndipo ndi amene timakumana naye kwambiri kuno. Tiwiritiwiri tofiira tooneka ngati nyemba ziwiri zoyang'anana, nthawi zambiri tili m'kati mwa maselo oyera, ameneyo ndi meningococcus. Titimitengo tofiira tating'onoting'ono ndi Haemophilus, amene masiku ano wasowa chifukwa cha katemera. Kwa makanda timapeza group B streptococcus ndi mabakiteriya a m'matumbo, ndipo kuno kwathu Salmonella nayenso amalowa mu ubongo wa ana aang'ono.

Mwafunsa kuti phindu lake n'chiyani poti mankhwala ayamba kale. Ndi ili: dzina la kachilombo ndi limene limanena masiku a jakisoni. Meningococcus masiku 5 mpaka 7 amakwana. Pneumococcus amafuna 10 mpaka 14. Mabakiteriya a m'matumbo mwa khanda, masabata atatu. Komanso akakhala meningococcus, onse ogona nyumba imodzi ndi mwanayo amapatsidwa mankhwala owateteza, pamene pa pneumococcus sizifunika. Popanda madziwo dokotala amangoponya mwala mumdima, ndipo mwana akayamba kudya tsiku lachitatu mudzati wachira, tizipita, pamene m'mutu moto usanazime.

Aphunzitsi Banda: Phiri, unali wosamva m'kalasi mwanga koma lero wandiphunzitsa. Gram ameneyu ndi muyezo wa kulemera uja?

Phiri wa Labu: Ayi aphunzitsi, ndi dzina la munthu. Hans Christian Gram, dokotala wa ku Denmark, anatulukira njirayi mu 1884 ali ku Berlin, akuyang'ana mapapo a anthu ofa ndi chibayo. Kutenga madzi a mumsana anayambitsa Heinrich Quincke ku Germany mu 1891. Ndiye sikuti akuyesera pa ife, zakhalapo zaka zoposa 130. Za kusamvazo tisazikumbe pagulu.

Admin: Nthawi yathamanga abale. A Nambewe, mutidziwitse m'mawa.

Lachitatu

Nambewe: Mwadzuka bwanji nonse. Usiku amayi sanalole. M'mawa uno bambo a mwana aimba, ndawawerengera zimene munalemba, alankhula ndi apongozi awo ndipo mwana amutenga madzi cha m'ma 9. Ndinalowa nawo ndine. Anamugoneka cham'mbali atapinda maondo, anamwino atamugwira. Sizinathe ngakhale mphindi 15. Madziwo ndawaona ndi maso anga, anali mbuu monga munanenera achimwene a Phiri. Amayi ali panja sakundilankhula.

Phiri wa Labu: Mwachita zamphamvu. Tsopano funsani mwaulemu ngati kabotolo kapita kale ku labu. Musachite manyazi.

Nambewe: Akuti adikira kaye atolere ndi za odwala ena.

Phiri wa Labu: Ayi, apempheni apititse pompano, kapena wantchito wa mu wodi apite nako inu mukumuperekeza. Madzi amenewa si magazi kapena mkodzo woti n'kudikira. Maselo oyera aja amayamba kuphulika akangotuluka m'thupi, pakatha maola awiri pafupifupi theka la ma neutrophil latha, ndiye ine ndidzawerenga nambala yonama. Ndipo wina asakaike mufiriji poganiza kuti akusunga. Pneumococcus, meningococcus ndi Haemophilus ndi tizilombo tolusa m'thupi koma tofooka panja, kuzizira kumatipha, ndiye tikadzala sitimera. Ndinalandirapo kabotolo Lolemba m'mawa kotengedwa Loweruka usiku, kozizira ngati fanta. Mwana anavutika ndi singano pachabe.

Sisita Nyirenda: Achimwene a Phiri, musatinyoze anamwino tokha. Ndisanachoke kumudzi ndinagwirapo usiku pa chipatala china, ndekha ndi ana 60. Ndathamanga ndi kabotolo kukafika ku labu, chitseko chokhoma, wa pa kolo foni yozima. Ndikanatani?

Phiri wa Labu: Mwandigwira pakamwa achemwali, zimenezonso zimachitika, sindikana. Zikatero kasungeni m'chipinda momwemo pamalo osazizira, osati mufiriji, ndipo lembani nthawi imene katengedwa kuti wowerenga adziwe. Madera akutali amagwiritsa ntchito kabotolo kotchedwa Trans-Isolate, kamene kali ndi chakudya cha tizilombo, kamatisunga amoyo pa ulendo. Koma sikapezeka paliponse.

Aphunzitsi Banda: Kudzala kumene ukunenaku n'kotani? Tizilombo timadzalidwa ngati chimanga?

Phiri wa Labu: Ndendende aphunzitsi, timangoti culture. Tili ndi timbale tokhala ndi chakudya chonga jelo chosakaniza ndi magazi a nkhosa. Ina imakhala yofiira, ina timaitenthetsa magaziwo mpaka kuoneka ngati chokoleti, moti dzina lake ndi chocolate agar, koma musadzalawe. Haemophilus amamera pa ya chokoletiyo basi. Timapaka madziwo n'kuika m'kabati yofunda ngati thupi la munthu, madigiri 35 mpaka 37. Tizilomboti timakonda mpweya wa carbon dioxide, ndiye kumene kulibe makina ake timaika timbale m'chitini, kuyatsa kandulo m'katimo n'kutseka. Kandulo ikazima yokha, mpweya wakwana. Pakatha tsiku kapena awiri timaona zomera. Pneumococcus timamutsimikiza ndi kapepala ka mankhwala otchedwa optochin, samera pafupi nako. Kenako timamuyesa ndi timapepala ta maantibayotiki osiyanasiyana kuti tione amene akumupha ndi amene akuwaderera. Pamenepo pamapitanso tsiku lina. Magetsi akazima usiku wonse jenereta osalira, mbewu zathu zimapserera m'munda.

Nambewe: Kapita. Ndaperekeza ndekha mpaka pawindo.

Lachitatu madzulo

Nambewe: Zotsatira zina zabwera, ndajambula pepala koma silikuoneka bwino ndiye ndikopera. WBC 2,400, neutrophils 90%. Glucose 0.8, ya m'magazi 5.6. Protein 2.1. Gram positive diplococci seen. Pali mzere wina alemba RBC 30. Tanthauzo lake?

Phiri wa Labu: Adokotala anaganiza bwino. Maselo oyera 2,400 pamene amayenera kukhala osapitirira 5, ndipo pafupifupi onse ndi a mtundu wolimbana ndi mabakiteriya. Shuga 0.8 pa 5.6 ndi 14 pa 100 yokha, watsikiratu. Mapuloteni akwera kanayi n'kupitirira. Timipira ta pepo tiwiritiwiri ndi pneumococcus mosakayika kwenikweni, culture ingotsimikiza. RBC 30 musade nayo nkhawa, ndi timagazi tochepa ta pamene singano inadutsa. Magazi akalowa ambiri ndi pamene amatisokoneza, chifukwa amabwera ndi maselo oyera awo, ndiye timachotsera limodzi pa ofiira 500 mpaka 1,000 aliwonse. Apa palibe chochotsera. Konzekani kukhala m'chipatala masiku osachepera 10, ndipo jakisoni asadumphe ngakhale mmodzi.

Mayi a Chisomo: Koma mwanayu sanabayitse katemera? Ine ndimayesa katemera wa chibayo uja amateteza zimenezi.

Nambewe: Anamaliza yense, khadi la sikelo lilipo.

Wophunzira Udokotala: Amateteza ndithu koma osati mitundu yonse. Pneumococcus ali ndi mitundu yoposa 90, pamene katemera wa PCV13 amene Malawi anayamba kupereka mu November 2011 amagwira mitundu 13, imene inkadwalitsa ana kwambiri. Wa Haemophilus analowa mu 2002 m'katemera wa matenda asanu uja, ndipo anagwira ntchito moti achikulire athu amati kale mu wodi ya ana Haemophilus anali wa sabata iliyonse, ife ophunzira lero timangomuwerenga m'mabuku. Onsewa mwana amalandira pa masabata 6, 10 ndi 14. Mwana wa achemwali wangokumana ndi mtundu wina, kapena chitetezo sichinakwane. Labu yaikulu ikhoza kudziwa mtundu wake ngati kachilomboko kamera.

Malume ku Joni: Chabwino, za mwanayu zaoneka. Koma achimwene anga anawatenga madzi kawiri, Lachinayi ndi Loweruka. Ngati kunali kuyeza, kachiwiriko ankafunanso chiyani? Funso limeneli landikhala pamtima zaka zonsezi.

Sisita Nyirenda: Amalume, ndifunse mwaulemu, mukhoza osayankha pagulu. Mutuwo unawapweteka nthawi yaitali bwanji, ndipo thupi linali litatsika?

Malume ku Joni: Pafupifupi mwezi. Anali ataonda, eya. Enanu mukudziwa kale zimene ankadwala, sindibisa.

Sisita Nyirenda: Zikomo pomasuka. Sindinawaone ndiye sindingalumbire, koma mmene mukufotokozeramo zikufanana ndi mtundu wina wa matenda oumitsa khosi, wa fangasi wotchedwa Cryptococcus, umene umagwira anthu amene chitetezo chatsika kwambiri ndi HIV. Fangasi ameneyu amatseka njira imene madzi amatulukira, ndiye amadzadzana m'mutu, mutu umapweteka koopsa, maso amatha kuchita khungu. Pamenepo kutenga madzi sikuyeza kokha, ndi mankhwala. Amachotsa kuti aphwetse, nthawi zina tsiku ndi tsiku, ndipo odwala ena amachita kupempha okha chifukwa mutu umapepuka pomwepo. Kachiwiri kaja n'kutheka ankafuna kuwapepuza. Zaka zimenezo zipatala zambiri kwathu zinali ndi fluconazole yekha, amene payekha ndi wofooka pa nthendayi, ndipo ambiri tinawataya.

Phiri wa Labu: Ndionjezere za ku labu. Nthawi imeneyo fangasiyu tinkamufuna ndi inki wakuda wotchedwa India ink. Pa maikulosikopu amaoneka ngati mwezi uli ndi mkombero, chifukwa inki salowa m'chikuto chake. Koma akakhala ochepa tinkawaphonya. Lero tili ndi CrAg, kapepala koviika konga koyezera mimba, mphindi 10 yankho latuluka, ndipo kamagwira pa madzi a mumsana ngakhalenso pa magazi. N'chifukwa chake munthu wa HIV amene CD4 yake, muyezo wa chitetezo cha m'thupi, yatsika kwambiri amayezedwa magazi asanayambe n'komwe kumva mutu. Madzi a munthu wamkulu aliyense akafika kwa ine, CrAg sindiisiya. Ndipo adokotala akaganizira TB ya mu ubongo, timaika pa GeneXpert, makina omwe aja a makhololo, kungoti amafuna madzi ochulukirapo chifukwa tizilombo ta TB timakhala tochepa kwambiri m'menemo.

Wophunzira Udokotala: Chithandizonso chasintha amalume. Kafukufuku wotchedwa AMBITION, amene Blantyre ndi Lilongwe anatenga nawo mbali, anaonetsa kuti diripi imodzi yamphamvu ya amphotericin pamodzi ndi mapiritsi a flucytosine ndi fluconazole ikugwira bwino, ndipo WHO inavomereza njirayi mu 2022.

Malume ku Joni: Palibe anatifotokozera zimenezi. Anangotiuza kuti tulukani panja, kenako tengani mtembo. Ndamva, koma mtima sungasinthe tsiku limodzi.

Aphunzitsi Banda: Pepani achimwene. Malemu ndinkawadziwa, tinkaimba limodzi kwaya.

Lachisanu

Nambewe: Abale, mwana watsegula maso dzulo, lero wamwa phala ndipo waitana amayi ake. Koma pali chatisokoneza. Pepala la culture labwera, alemba no growth after 48 hours. Amayi akuti mwaona, palibe chimene apeza, anangomuzunza mwana, tiyeni tizipita. Kodi a labu analakwitsa poyamba paja?

Phiri wa Labu: Sanalakwitse, ndipo musatuluke. Werengani maola: jakisoni woyamba analandira Lachiwiri madzulo, madzi anatengedwa Lachitatu m'ma 9. Ceftriaxone anali atagwira ntchito usiku wonse. Meningococcus amatha kufa m'madzi a mumsana pa maola awiri okha chilandirireni jakisoni, pneumococcus amalimbako koma pakadutsa maola angapo nayenso samera. Culture imafuna kachilombo kamoyo. Gram imaona ngakhale mitembo, n'chifukwa chake inaonetsa. Maselo, shuga ndi mapuloteni sizibwerera msanga, zimakhala zosokonekera kwa masiku. Ndiye no growth sakutanthauza kuti munalibe matenda, akutanthauza kuti mankhwala anafika ife tisanafike. Chimene tataya ndi mwayi womuyesa kachilomboko ndi maantibayotiki, komanso kudziwa mtundu wake. Koma poti mwana akuchira, ndiye kuti ceftriaxone akumugonjetsa.

Agogo a Mphatso: Ndiye akanadikira osamubaya kuti ayeze kaye?

Phiri wa Labu: Ayi agogo, zimenezo ndiye zoopsa zenizeni. Ine wa labu ndimakonda mbale yomera, koma kuli bwino mbale yanga ikhale yopanda kanthu mwana ali moyo. Chofunika chinali kutenga madzi Lachiwiri lomwelo, mphindi zochepa jakisoni asanalowe kapena atangolowa. Sindikudzudzula amayi, mantha awo ali ndi pochokera.

Sisita Nyirenda: Kuno zoterezi amazithetsa ndi PCR, imene imafufuza chibadwa cha kachilombo, kaya kamoyo kaya kakufa. Pali makina ena amayeza tizilombo 14 nthawi imodzi, pa ola limodzi yankho latuluka. Amatenganso magazi a culture jakisoni asanalowe, chifukwa kawirikawiri kachilombo kamene kali mu ubongo kamapezekanso m'magazi.

Phiri wa Labu: Makina amenewo ndinawaonapo pa maphunziro, katiriji imodzi, kabokosi koikamo madziwo poyeza, mtengo wake mukhoza kugula utoto wa Gram wa miyezi. Kwathu PCR ya nthendayi imapezeka makamaka m'malabu a kafukufuku monga a Malawi-Liverpool-Wellcome ku Blantyre, amenenso akhala akuchita culture ya magazi ndi madzi a mumsana a odwala a ku Queen Elizabeth kwa zaka zoposa 20. Zambiri zimene tikudziwa za tizilombo ta kuno zinachokera kumeneko. Pali kachipangizo kena kotchedwa BinaxNOW kamene kamagwira pneumococcus m'madziwa ngakhale mankhwala atalowa kale, mungafunse ngati ali nako, koma pa mwana uyu sikasintha chithandizo. Ife a m'maboma, kukasowa zoyezera shuga ndi mapuloteni, timaviika kapepala koyezera mkodzo m'madziwo. Kamaonetsa maselo oyera, shuga ndi mapuloteni mongoyerekeza. Si kolondola ngati makina, koma usiku wa manane kamathandiza dokotala kuganiza.

Mayi a Chisomo: Nanga ana ena a pakhomopo? Ndinamva pa wailesi kuti ku Nigeria matendawa amagwira mudzi wonse.

Wophunzira Udokotala: Umenewo ndi meningococcus mayi. Miliri yake imabuka nyengo ya fumbi m'maiko a m'munsi mwa chipululu cha Sahara, kuchokera ku Senegal mpaka ku Ethiopia. Wa mu 1996 ndi 1997 unadwalitsa anthu oposa 250,000 n'kupha pafupifupi 25,000. Malawi sali m'chigawo chimenecho, ngakhale kachilomboko timakapeza mwa apo ndi apo. Pa mwana wathuyu Gram yaonetsa pneumococcus, ndiye abale ake safunika mankhwala. Wina akatentha thupi apite naye msanga basi.

Sisita Nyirenda: Achemwali a Nambewe, chinthu chimodzi musaiwale musanatuluke. Pneumococcus amakonda kuwononga makutu. Pemphani kuti amulembere tsiku loyeza kumva, ndipo inu muzimuyesa: muitaneni chapansipansi muli kumbuyo kwake, mbali iyi kenako inayo. Muonenso mayendedwe ake, ndiponso ngati akukomokabe.

Nambewe: Ndayesa pompano. Kumanja akutembenuka, kumanzere ndachita kubwereza katatu. Mwina ndi tulo.

Sisita Nyirenda: Mwina, koma auzeni adokotala mawa akamazungulira, alembe m'buku.

Malume ku Joni: Nambewe, ndatumiza kangachepe pa foni yanu, mugulire amayi chakudya ndi sopo. Muwauze kuti ndine ndanena kuti akhale mpaka masiku 10 akwane. Kwa ine amva.

Admin: Amene mukufuna kuthandizapo tumizani kwa msungichuma wathu pofika Lamlungu, mayina ndilemba pano.

Phiri wa Labu: Achemwali, pepala la zotsatira lija alimate m'buku la kuchipatala la mwana, lonse ndi la no growth lomwe. Akadzapita koyeza makutu adzalifuna.

Nambewe: Ndamva achimwene. Amayi alowa mu wodi tsopano, akumumwetsa phala ndi iwowo. Kanyula watupa, anamwino akuti amusinthira mkono wina jakisoni wa 6 koloko asanafike.